Kuyeza Diso Lisanakhudzidwe ndi Leza

Achinyamata a pa Manjawira m'boma la Ntcheu amene amakagwira ntchito ku Johannesburg amamvako za opaleshoni ya leza, yotchedwa LASIK, imene imathandiza munthu kuleka kuvala mandala. Opaleshoniyo ndi yoona, koma dokotala wodziŵa ntchito yake amabweza anthu ena, ndipo chifukwa chake n'chofunika kuti omvera achidziŵe.

Kutsogolo kwa diso kuli kakhungu koonekera ngati galasi, kotchedwa koniya. Kuchindikala kwake n'kongopitirira pang'ono theka la milimita, komabe ndiko kamagwira mbali yaikulu ya ntchito yolunjikitsa kuŵala m'diso. Leza imapala kakhunguka kuti kasinthe kapindikidwe kake, ndipo chimene chapalidwa sichimeranso. Nchifukwa chake diso limayamba lajambulidwa. M'chaka cha 1880 dokotala wa ku Portugal, António Plácido, anapanga chimbale cha mizere yozungulira, yoyera ndi yakuda. Mizereyo ikaonekera pa diso labwino imakhala yozungulira bwino, koma pa diso lopunduka imakhota. Makina a masiku ano, monga Pentacam, amajambula kutsogolo ndi kuseri komwe kwa koniya, nayeza kuchindikala kwake paliponse.

Kujambulako kumafuna chisamaliro. Wovala timagalasi toika m'diso ayenera kuyamba watileka kwa masiku kapena milungu, popeza timasintha maonekedwe a koniya. Diso louma, kuphethira ndi kuyang'ana kumbali zimanamiza makina, choncho chithunzi chokayikitsa chimajambulidwanso.

Chimene dokotala amasakasaka ndi nthenda ya keratoconus, pamene koniya imapyapyala n'kutukuka ngati nsonga ya dzira. Kupala diso lotere n'kulifooketsa, ndipo mu 1998 Theo Seiler analemba za odwala amene koniya yao inatukuka pambuyo pa LASIK. Wobwezedwa asadandaule, mandala ake ampulumutsa.

Nthendayi imayamba munthu akali wachinyamata, ndipo imayenderana ndi kutikita maso. M'chilimwe, fumbi likabuka m'mbali mwa mseu wa M1, ana ena amayabwidwa maso mpaka kufiira, namatikita usana ndi usiku. Mwana wotere, makamaka ngati wayamba kusaona bwino bolodi m'kalasi, asathiridwe mankhwala a zitsamba m'maso. Makolo apite naye ku chipatala cha boma ku Ntcheu, kumene angamtumize ku chipatala cha maso cha Lions ku Blantyre kapena ku Lilongwe.