Mawu a Mlendo Wolemekezeka pa Mwambo Wopereka Masatifiketi kwa Achinyamata Okonza Mafoni ku Mzuzu

 

Takwezani mafoni m'mwamba. Eee, taonani masikirini ong'alukawo! A Meya, ana awa ntchito sadzaisowa.

Komatu ana anga, kuchotsa sikirini n'kumata ina ambiri akutha kale. Inu muzidziwa chimene mukugwiracho. Sikirini ya LCD ili ndi magalasi awiri, pakati pake pali timadzi tonanda totchedwa liquid crystal, timene Friedrich Reinitzer anatulukira mu 1888. Patokha timadziti sitiloza mbali imodzi tonse. Chimene chimatiika pamzere ndi kautoto ka pulasitiki ya polyimide kopakidwa mkati mwa galasi, kopyapyala kuposa tsitsi lanu maulendo mazanamazana. Kufakitale amakakhula ndi nsalu yaubweya kulozetsa mbali imodzi, monga mlimi akamapanga mizere m'munda, ndipo timadzi tija timagona motsata mizereyo. Batire ikatumiza moto timatembenuka, kuwala n'kudutsa kapena kutsekeka, basi nkhope ya apongozi ija yaoneka! Mu 2009 kampani ya Sharp inayamba kugwiritsa ntchito kuwala kwa UV m'malo mwa nsalu.

Makampani a ku Japan, Nissan Chemical ndi JSR, akudya bwino ndi kautoto kameneka kosaoneka ndi maso. Ife tili ndi niobium ku Kanyika, konkuno ku Mzimba, ndi uranium ku Kayelekera, koma masikirini timakaoda ku msika wa Kariakoo, n'kudzera nawo pa chipata cha Songwe, ndi madola amene akutisowa. Zimandipweteka zimenezi. Mafakitale amene masomphenya a Malawi 2063 akunena adzafuna mitu ngati yanuyi. A TEVETA, chiyambireni 1999 mwachita zazikulu, sitikana, koma maphunziro a zamagetsi alowe mozama.

Tsono ndikudzudzuleni pang'ono. Musamaike sikirini yachabechabe n'kumauza kasitomala kuti ndi orijino. Mayi wa ku Chibavi akabwerera mawa mitundu itazilala, Chiputula yonse imva. Ndipo zong'alukazo musamataye mu Lunyangwa, akumunsi amamwa madzi omwewo.

Mpunga wa Kilombero wayamba kununkhira kuseriko, ndisakuchedwetseni. Wotsogolera mwambo, itanani mayina, tiyambe ndi atsikana.