MWANA AMENE ADAPITA KU MUNDA



Mthenga Wabwino umene tamva lero, wolembedwa ndi Mateyo Woyera pa mutu 21, ukutiuza za bambo wina amene adali ndi ana aamuna aŵiri ndiponso munda wamphesa. Adatuma woyamba kuti akagwire ntchito m'mundamo. Mwanayo adakana bambo wake pamaso, koma pambuyo pake mtima udamtsutsa, nanyamuka kupita. Wachiŵiri atatumidwa adavomera mwaulemu ndithu, koma dzuŵa lidaloŵa asanaponde m'munda. Ambuye atafunsa akulu a ansembe kuti ndani mwa aŵiriwo adachita kufuna kwa bambo wake, iwo sadakaike: ndi woyamba uja.

Chicheŵa chathu chili ndi mawu aŵiri apachibale, kumva ndi kumvera. Kumva nkwa khutu. Kumvera nkwa miyendo ndi manja. Ngakhale m'Chilatini chimene tinkaphunzira ku seminale, liwu la kumvera lidachokera ku liwu la kumva. Mwana wachiŵiri uja adamva bwinobwino, khutu lake lidalibe chilema. Chidatsala ndi mwendo.

Ife Amalaŵi timatchuka ndi ulemu, ndipo nkoyenera. Komabe ulemu wathu udabala mwana wina amene tiyenera kumuyang'anitsitsa, dzina lake "Inde bwana." Pitani ku Area 13, pakati pa mzinda watsopano wa Lilongwe, tsiku Lolemba m'maŵa. Chisamukire likulu la dziko kuchokera ku Zomba mu 1975, dera limeneli ndi la maofesi, ndipo Capital Hill ali chapafupi pomwepo. Maminibasi ochokera ku Kawale, ku Area 25 ndi ku Chinsapo amatsitsa makalaliki, mamesenjala, alonda ndi oŵerengera ndalama. Ambiri mwa iwo dzulo lake adali ku Misa, ena ku Maula, ena ku Area 18. Ena ndi apampando a mphakati, ena amaimba kwaya. Tsono kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu, mawu amene amatuluka kaŵirikaŵiri pakamwa pao ndi omwe aja: inde bwana.

Sindikunyoza kumvera akuluakulu a pa ntchito. Lamulo lachinayi la Mulungu silithera pa bambo ndi mayi otibala ayi. Limafikanso kwa onse amene ali ndi udindo woyenera pa ife. Kalaliki wofika nthaŵi yabwino, wosasiya jekete pa mpando kuti anthu aziganiza kuti alipo pamene ali ku geni yake, wosauza mayi wamasiye wochokera ku Ntchisi kuti "bwerani maŵa" pamene fayilo ya penshoni ili patebulo pomwepo, ameneyo ali m'munda wamphesa. Akugwira ntchito ya Mulungu ngakhale satchula dzina la Mulungu.

Koma tikumbukire chaka cha 2013. Usiku wa pa 13 Sepitembala, mkulu woyang'anira bajeti ku Unduna wa Zachuma adaomberedwa pa chipata cha nyumba yake ku Area 43. Masabata otsatira, apolisi adayamba kupeza ndalama zankhaninkhani m'mabuti a galimoto ndi m'nyumba za anthu ogwira ntchito m'boma, ena a iwo amaudindo aang'ono. Nkhaniyi idatchedwa Cashgate. Akatswiri oŵerengera chuma a kampani ya Baker Tilly ya ku Britain adapeza kuti m'miyezi isanu ndi umodzi yokha, kuyambira Epulo mpaka Sepitembala, boma lidataya ndalama zoposa K13 biliyoni. Njira yake idali yotere: macheke ankalembedwa kupita ku makampani amene sadagulitse kanthu ku boma, kenaka wina nkufafaniza zolembazo mu kompyuta. Maiko otithandiza adaimika ndalama zimene ankathira mu bajeti yathu, ndipo amene adamva kuŵaŵa koposa ndi osauka, amene sadalaŵeko ngakhale tambala imodzi.

Makolo adati mutu umodzi susenza denga. Mwambi umenewu timaunena pa ntchito zabwino, komatu ngakhale denga la kuba silisenzedwa ndi mutu umodzi. Cheke cha boma sichituluka chokha. Pali wolemba chikalata chopempha ndalama, pali woloŵetsa manambala mu kompyuta, pali wosaina, pali wodinda chidindo, pali wonyamula envulopu. Sindikhulupirira kuti onseŵa adali mbala zouma mtima. Ena adangolandira pepala kuchokera kwa bwana, naona kuti pakununkha, nayang'ana kumbali, nanena kuti inde bwana. Tsono m'dziko limene anthu ochuluka chotere ndi obatizidwa, tisadzinamize kuti manja onsewo adali a anthu osadziŵa katekisimu. Ambuye adatituma ndi lamulo lachisanu ndi chiŵiri loletsa kuba. Lamulungu tidavomera. Lolemba sitidapite.

Pali mwambi wina umene anthu amabisalamo, wakuti mbuzi imadya pamene aimangirira. Akristu anzanga, pa Ubatizo wansembe sadathire madzi pa mbuzi.

Apa mpamene fanizo la lero likutithandiza, chifukwa mwana amene adakondweretsa bambo wake ndi yemwe pakamwa pake padatuluka "ayi." Kukana kwake kuja kudali kolakwa, koma tiphunzirepo kuti kumvera sikuyezedwa ndi kukoma kwa yankho. Pali nthaŵi zina pamene mkristu womvera ndi amene akuti, "Pepani bwana, pepala ili sindisaina." Petulo Woyera ndi Apostoli anzake adaima pa bwalo lalikulu la Ayuda, monga tiŵerenga m'buku la Ntchito za Apostoli pa mutu 5, nasonyeza kuti lamulo la munthu likasemphana ndi la Mulungu, loyamba kutsatidwa ndi la Mulungu.

Amartiri a ku Uganda, amene timaŵakumbukira pa 3 Juni, ambiri adali antchito a ku nyumba ya mfumu Mwanga, anthu a boma a masiku amenewo. Joseph Mukasa Balikuddembe adali kapitao wa pa nyumba ya mfumuyo, wokhulupirika pa zonse zoyenera. Koma adadzudzula mfumu chifukwa chopha episkopi wa Anglikani James Hannington, natchinjiriza anyamata a pa nyumbapo ku zilakolako zoipa za mfumuyo. Adamupha pa 15 Novembala 1885. Charles Lwanga ndi anzake adatenthedwa ku Namugongo pa 3 Juni 1886, ndipo Papa Paulo VI adaŵalemba m'gulu la oyera mu 1964. Sadali oukira boma. Adali antchito abwino amene adadziŵa pamene "inde bwana" amathera.

Inu simudzatenthedwa pa moto, koma mtengo wake ulipo ndipo sindikubisirani. Wokana kusaina angaiŵalike pokweza anthu pa ntchito. Dzina lake lingasoŵe pa mndandanda wa opita ku misonkhano ya ku nyanja kumene kuli maalawansi. Angasamutsidwe kupita kutali ndi banja lake. Pamene akudya nsima ya masana pa msika wa Area 13, anzake angamuseke kuti ndi wogona. Ndipo madzulo akafika kunyumba, lendi ikudikira, fizi ya ana ikudikira.

Nchifukwa chake mawu aŵa si a ku ofesi kokha. Inu amayi ndi abambo, mnzanu wa m'banja akabwera ndi ndalama zoposa malipiro ake, kodi mumafunsa kumene zachokera, kapena mumangolulutira? Inu achibale a kumudzi, musamayese mwana wanu wa ku tauni ndi mnzake amene wamanga nyumba zitatu m'chaka chimodzi. Mukumukankhira ku dzenje. Inunso mabwana a ku Area 10 ndi Area 12, mtsikana wa ntchito kapena mlonda wochokera ku Kauma akamakuyankhani kuti inde bwana, dziŵani kuti nanunso muli ndi Bwana. Yakobe Woyera, m'kalata yake pa mutu 5, akuchenjeza kuti malipiro omanidwa antchito amafika ngati dandaulo pamaso pa Mulungu. Mwezi ukatha, lipirani pa tsiku lake.

Tsono kwa inu akatekisiti ndi atsogoleri a miphakati, ndili ndi pempho. Mukakumana sabata ino, muŵerengenso Mateyo 21, ndime 28 mpaka 32. Mukatha, musathamangire nyimbo yotsekera. Mufunsane ngati pakati panu pali wina amene akuumirizidwa pa ntchito kuchita chimene mtima wake ukukana. Asatchule maina a anthu kapena a ofesi. Ngati alipo, mumupempherere, ndipo mugwirizane kuti akadzavutika chifukwa chokana, thumba la mphakati limene limagula maluŵa a pa guwa lidzamugulirenso ufa.

M'dzina la Atate, ndi la Mwana, ndi la Mzimu Woyera. Amen.