Mfumu Yodzuka Kumanda



Tsiku lina madzulo ku Senga Bay ndinapeza ana a asodzi atadzaza m'kanyumba ka kanema, akuonera The Mummy: Tomb of the Dragon Emperor, filimu ya mu 2008. M'menemo Jet Li ndiye mfumu yakale ya ku China, yodzuka kumanda pamodzi ndi asilikali ake adothi. Asilikali adothiwo alikodi: alimi pokumba chitsime anawatulukira mu 1974.

Potuluka ndinawafunsa anawo za Kalonga, amene ankalamulira Amaravi ali ku Mankhamba, kufupi ndi Mtakataka, kummwera kwa Salima. Onse anangoti kukamwa yasa!

Makolo anzanga, mfumu siifera m'manda ayi. Imafa pamene zidzukulu zaiwala dzina lake. Usiku uno akambireni anawo za Kalonga.