Nkhalango ya Phiri la Mulanje ndi Madzi a M'midzi

Mawu oyankhulidwa pa msonkhano wa makomiti a chitukuko a m'madera a m'tsinde mwa phiri



Munthu wobadwira m'tsinde mwa phiri la Mulanje sadabwa ndi madzi. Amakula akumva mkokomo wa Ruo, Lichenya, Likhubula, Thuchila kapena Muloza, mpaka kuyesa kuti mitsinje imeneyi imatumphuka m'mwala. Koma mwala susunga madzi. Chosunga madzi ndi nkhalango yowirira ya m'zigwa ndi m'malo otsetsereka a phirili, ija yobiriwira chaka chonse, mmene mitengo ya mkweranyani imatalika mpaka woyang'ana kunsonga kwake kumva khosi kuwawa.

Nkhalango yotere imagwira ntchito mwakachetechete. Mvula ikamagwa imayamba yamenya masamba a pamwamba, mphamvu yake n'kuchepa, kenaka n'kudonthera pa masamba ofota amene aunjikana pansi kwa zaka zambiri. Pamenepo madzi sathamanga. Amalowa m'nthaka potsata mizu, ndipo amatuluka pang'onopang'ono m'akasupe mpaka mwezi wa Okutobala. Ngakhale m'miyezi yozizira, chiperoni chikakuta phiri, masamba ndi ndere za pa mitengo zimakola nkhungu n'kuisandutsa madontho. Phiri lopanda mitengo nkhunguyo imangolidutsa.

Boma linaika phirili m'gulu la nkhalango zotetezedwa mu 1927. Mu 2000 bungwe la UNESCO linalizindikira ngati malo ofunika a zachilengedwe, ndipo mu 2025 linalilemba pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse lapansi. Ulemu wonsewo sunaletse nkhwangwa. Nkhalango ya Chisongeli, kummwera chakummawa kwa phiri, inali pakati pa nkhalango zowirira zazikulu koposa m'Malawi muno, koma mbali yake yaikulu inasanduka minda m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980. Mkungudza, mtengo wa fuko, umene mwachilengedwe sumera kwina kulikonse koma pa phiri lino, unachekedwa mpaka kafukufuku wa mu 2017 anapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha.

Pali kuwonongeka kwina kumene maso a wodutsa pamsewu sakuona, ndipo n'kumene kuli koopsa. Nkhalango imatha kuoneka yobiriwira ukaiyang'ana uli kutali, pamene m'kati mwake yadwala kale. Wocheka matabwa amasankha mtengo waukulu. Ukagwa umaphwanya ing'onoing'ono yambiri, n'kusiya mpata pamene dzuwa limalowera. Pansi pamene panali chinyontho pamauma, udzu umamera, ndipo m'chilimwe moto wa osaka nyama kapena wa ootcha makala umapeza njira yolowera mmene kale sunkafika. Mitengo ya m'thengo la misuku ndi miwanga inazolowera moto ndipo imaphukanso, koma ya m'nkhalango yowirira ili ndi khungwa lopyapyala, moti moto umodzi umaikwanira. Pamene papsa kawiri kapena katatu, mbewu za m'nthaka zimafa, mbalame ndi anyani amene ankamwaza njere amasamuka, ndipo pamatsala udzu, zitsamba zaminga ndi paini womera yekha.

Zotsatira zake zimatsikira kumudzi. Mtsinje umene unkayenda mofatsa chaka chonse umasefukira m'dzinja n'kuphwa m'chilimwe. Mipopi ya madzi oyenda okha kuchokera m'phiri imatsekeka ndi mchenga ndi matope pamalo otengera madzi, ndipo amayi amabwerera ku zitsime zosatetezedwa, kumene kolera amadikira. Magetsi a ku Bondo amadalira madzi a Lichenya. Ngakhale anthu a mumzinda wa Blantyre amamwako madzi a Likhubula, ambiri osadziwa n'komwe kumene achokera. Nthaka yachonde ya pamwamba, imene imatenga mibadwo kuti ipangike, imatha kukokoloka m'dzinja limodzi, ndipo mlimi amathira feteleza wodula pa nthaka yoguga, n'kumadabwa kuti chimanga sichikumuyankha.

Choopsa koposa ndi chija makolo anachitcha Napolo. Mu Marichi 1991 madzi, miyala ndi matope zinatsika m'phiri la Michesi n'kupha anthu mazanamazana ku Phalombe. Mu Marichi 2023 namondwe wa Freddy anachitanso zomwezo m'madera monga Nkhulambe ndi Muloza, ndipo m'dziko lonse anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa. Apa chilungamo chiyenera kunenedwa: mvula yochuluka ngati ya Freddy imatha kugumula ngakhale malo otsetsereka amene ali ndi mitengo. Komabe pamene mizu inaola nthaka imagumuka msanga, ndipo mtsinje wopanda mitengo m'mbali mwake umasiya khwawa lake mosavuta n'kulowa m'mudzi.

Wootcha makala si chilombo chochokera kutali. Ndi mwana wa m'mudzi momwemo, amene munda wake ndi wochepa, ganyu wa m'minda ya tiyi ndi wa nyengo, ndipo thumba la makala lili ndi wogula wokonzeka m'tauni. Lamulo la nkhalango la 1997, limene linakonzedwanso mu 2020, linakhwimitsa zilango kwa odula mitengo ndi ogulitsa makala popanda chilolezo. Lamulolo n'lofunika, makamaka kwa eni magalimoto ndi eni macheka amene amalemera pamene wosenza matabwa akungopeza ya ndiwo. Koma alonda a nkhalango ndi ochepa, phiri ndi lalikulu, ndipo palibe thabwa limene limafika pamsewu osadutsa pa mudzi wa mfumu ina yake.

Pa njira zokonzera zinthu, yoyamba kuitchula ndi yotchipa koposa, ngakhale siikopa alendo ndi makamera: kuteteza chimene chatsala. Kachigawo ka nkhalango yachilengedwe kamene kakadalipo m'chigwa n'kofunika kuposa mbande zikwi zambiri za m'machubu, pakuti m'menemo ndi mmene muli njere, mbalame ndi mthunzi zoyambira nkhalango yatsopano. Kulambula njira zotchinga moto mvula ikangotha, udzu usanaumitsitse, kumapulumutsa mitengo yambiri kuposa imene mudzi ungadzale pa chaka. Pamalo podulidwa pamene zitsa zikadali zamoyo, ntchito ndi kupatulira mphukira, kusiya ziwiri kapena zitatu zamphamvu, n'kuletsa moto ndi mbuzi. Chitsa chili ndi mizu kale, motero chimakula msanga kuposa mbande.

Kudzala kuli ndi malo ake, koma mtengo uliwonse pamalo pake. Bulugama ndi wa milimo ndi nkhuni, ndipo ayenera kukhala kutali ndi akasupe chifukwa amamwa madzi ambiri. M'mbali mwa mitsinje muyenera mbawa, katope ndi nsungwi, ndipo khasu lisafike m'mphepete mwenimweni mwa madzi. Nazale za m'midzi, mothandizidwa ndi bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust ndi nthambi ya zankhalango, zafesa mbande za mkungudza zobwezeretsa m'phiri, ndipo mabanja ena apezapo ndalama. M'minda yotsetsereka, akalozera, udzu wa vetiva ndi ngonyeka zimagwira madzi asanasanduke zigwembe. Mbaula ya chitetezo imachepetsa nkhuni za pakhomo. Ming'oma ya njuchi nayo ili ndi ubwino wina woposa uchi: mwini ming'oma salola kuti moto ulowe m'nkhalango mmene waipachika.

Zonsezi zimafuna eni ake. Lamulo limalola midzi kukhala ndi nkhalango zawozawo pansi pa mfumu, komanso kuchita mgwirizano ndi boma wosamalira limodzi zigawo za nkhalango yotetezedwa, kuti anthu azitola nkhuni zouma, bowa, udzu ndi mankhwala mwadongosolo. Mgwirizano wotere umalimba pamene komiti ya zachilengedwe ya m'mudzi imawerenga poyera ndalama za zilolezo ndi za chindapusa. Pamene ndalamazo zimathera m'matumba a anthu atatu, mudzi wonse umabwerera ku nkhwangwa, ndipo n'kovuta kuudzudzula.

Dziko la Malawi linalonjeza kubwezeretsa mahekitala 4.5 miliyoni a malo owonongeka pofika 2030. Chaka chilichonse, kuyambira pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, mbande zimadzalidwa, nyimbo zimaimbidwa, ziwerengero zimalembedwa m'malipoti. Chiwerengero chimene sichimveka kawirikawiri ndi cha mitengo imene yapulumuka chilimwe. Chotero pempho kwa makomiti a chitukuko ndi lakuti m'mwezi wa Okutobala komiti ya mudzi uliwonse iyendere pamene panadzalidwa, iwerenge mitengo yamoyo, ilembe akasupe amene aphwa ndi malo amene apsa, ndipo lipotilo lifike ku komiti ya dera mbande zatsopano zisanagawidwe.