MAKINA ATSOPANO ASALOWE PAMZERE MUSANAWAYESE



Mwandipempha kuti ndifotokoze ntchito imene ndimagwira. Kwathu ku Misuku amangoti ndimakonza makompyuta. Sakunama, koma ntchito yanga yeniyeni ndi kuika makompyuta pamzere.

Pali masamu ena, monga olosera zanyengo, amene kompyuta imodzi singawathe. Choncho timalumikiza makompyuta ambiri kuti azigwira ntchito pamodzi, ndipo gulu lotere limatchedwa cluster. Njira yolumikiza makompyuta wamba inatchuka mu 1994, pamene Thomas Sterling ndi Donald Becker a ku NASA analumikiza makompyuta 16 n'kuwatcha Beowulf. Mu 2008 yunivesite ya Texas inatsegula Ranger, imene inali ndi makina 3,936. Itapuma mu 2013, zigawo zake zina zinabwera kuno ku Africa, ku South Africa, Botswana ndi Tanzania.

Makina ochuluka chotere simungawaikire mapulogalamu amodziamodzi, mungakalambire pomwepo. Pamakhala kompyuta imodzi imene ndi kapitawo. Mukayatsa makina atsopano, amaitana pa waya n'kutchula nambala yake. Kapitawo amalemba nambalayo, amawapatsa dzina, kenaka amawatumizira mapulogalamu onse. Mu pulogalamu ya Rocks, imene inayambira ku San Diego mu 2000, maina ake amakhala compute-0-0, compute-0-1, choncho basi. Nambala yoyamba ndi ya shelefu, yachiwiri ndi ya malo ake pashelefupo. Kumbukirani tsiku lija tinafika ndi masutikesi mu Fomu 1, a bodingi masitala akutilemba maina ndi kutiuza hositelo ndi bedi.

Tsono akatswiri ofufuza sasankha okha makina. Amasiya ntchito zawo pamzere, ndipo pulogalamu ina, monga Grid Engine kapena Slurm, imatenga ntchito n'kuipereka kwa makina amene ali chabe. Mizere imakhala ingapo: wa ntchito zazifupi, wa zazitali, ndi wa zofuna memory yambiri. Vuto lili apa. Mukapanda kunena kanthu, Rocks ndi Grid Engine zimaponya makina onse atsopano pamzere umodzi wotchedwa all.q, ndipo amayamba kulandira ntchito nthawi yomweyo.

Ine zinandionekera. Tsiku lina Lachisanu ndinalumikiza makina atsopano n'kuweruka, osawayesa. Amodzi mwa iwo sankaona malo amene timasungira mafayilo. Ntchito ikafika inkafa pompo, makinawo n'kunena kuti ali chabe, n'kulandira ina. Pofika Lolemba anali atameza mzere wonse, kuphatikizapo ntchito za mtsikana wina amene ankayenera kupereka kafukufuku wake sabata yomweyo. Nditamuuza sanalankhule kanthu, anangokhala pansi. Zinali ngati chigayo chimene chikutaya chimanga pansi: mzere wake umayenda msanga, anthu onse n'kuthamangira komweko.

Kuyambira pamenepo ndimatsata malamulo atatu. Loyamba, mzere wa makina aliwonse ulembedwe m'kaundula asanayatsidwe, kuti kapitawo aziwerenga m'menemo. Lachiwiri, makina aikidwe molingana ndi mphamvu zake. Akale ndi atsopano asasakanizidwe pa ntchito imodzi, chifukwa onse amadikira wochedwayo. Lachitatu, makina atsopano ayambire pamzere woyesera, ndipo asalandire ntchito ya munthu mpaka atakhoza mayeso.

Ndanena izi chifukwa bungwe lathu likusonkha makompyuta akale oti tipereke ku sukulu ino. Sadzakhala Ranger ayi, koma lamulo ndi lomwelo. Tisangowatsitsa m'galimoto, kujambulitsa, n'kubwerera ku Lilongwe. Iliyonse iyesedwe, ilembedwe nambala, ndipo tigwirizane ndi aphunzitsi kuti amphamvu apite kwa a Fomu 4 amene akukonzekera MSCE, ocheperako akhale ophunzirira kutaipa. Mwana amene wachokera ku Nthalire kapena ku Kameme, n'kudikira sabata yathunthu kuti akhale pa kompyuta, asapeze yakufa.

Ine ndadzipereka kubwera pa holide kudzawayesa. Ndikufuna anthu awiri ondithandiza, ndipo sikofunika kuti akhale akatswiri. Lembetsani kwa a Mlembi tisanabalalike.