Kubowola ndi Madzi: Phunziro la Zaumoyo pa Battlefields

Anyamata mwaima kuseri kwa mtengo inu, senderani kuno, nkhaniyi ikukhudza inu kuposa wina aliyense. Ndiyankhula m'Chichewa, poti ambiri pano ndinu ana ndi zidzukulu za anthu amene anachokera ku Malawi, ku Chipata ndi ku Tete kudzagwira ntchito m'migodi ndi m'mafamu a kuno ku Kadoma ndi Chegutu.

Ndatumidwa ndi chinthu chimodzi. Nyengo yozizira ino isanathe, gulu lililonse la makorokoza (okumba golide paokha) lobowola miyala kuno ku Battlefields likhale litayamba kubowola ndi madzi. Ndi zimene akandifunse ku ofesi, ndipo ndi zimene ndidzabwere kudzaona ndi maso anga m'maenje mwanumo.

Ndifunseko kaye. Amene mumathira madzi pobowola, kwezani manja. Palibe. Amene mumamanga kansalu pakamwa? Alipo angapo. Mukaphulitsa mumadikira nthawi yaitali bwanji musanatsike? Mwati mpaka utsi uchepe. Chabwino, tsitsani manja, tipitirire.

Za okosijeni mukuzidziwa kale. Mpweya tikupumawu, pa magawo 100 alionse, 21 ndi okosijeni. Munthu wamkulu akakhala phee amapuma ka 12 mpaka ka 20 pa miniti. Mpweyawo umatsika mpaka m'timatumba ting'onoting'ono ta m'mapapo, timene tilipo mamiliyoni mazanamazana. Khungu la timatumbato ndi lopyapyala kwambiri, motero okosijeni amadutsa mosavuta n'kukakwera pa himogulobini m'magazi. Kachipangizo aka kopana chala kamasonyeza kuchuluka kwa okosijeni amene wakwera. Munthu wabwinobwino kamamuwerengera 95 mpaka 100. Kakatsika kupitirira 90, munthuyo ndi wa kuchipatala tsiku lomwelo.

Tsono mvetsani apa. Anthu ena amaganiza kuti kupuma mofulumira kapena kukoka mpweya wambiri kumawonjezera okosijeni m'thupi. Kwa munthu wamapapo abwino magazi amakhala atadzaza kale, palibe malo owonjezerapo. Ukapuma mothamanga popanda chifukwa umangotaya mpweya wa kaboni dayokisaidi wochuluka, mutu n'kuyamba kuzungulira, zala n'kuchita dzanzi. Choncho kapumidwe kanu sikavuta pa kuchuluka kwa mpweya. Kamavuta pa zimene mpweyawo wanyamula, ndi njira imene walowera.

Mphuno ili ndi ubweya ndi mamina zimene zimakola fumbi lalikulu. Koma munthu wogwira jekihama kapena wokoka chidebe cha miyala sapumira m'mphuno. Amayasamula pakamwa n'kumapuma wefuwefu. Ali chikhalire amakoka malita pafupifupi 6 a mpweya pa miniti. Pa ntchito yolemetsa amapitirira malita 50. Ndiye kuti nthawi imene fumbi lachuluka kwambiri m'dzenje ndi nthawi yomweyo imene inu mukukoka mpweya wochuluka, modutsa pakamwa pomwe palibe chotchinga, n'kuulowetsa mpaka pansi penipeni pa mapapo.

Golide wa kuno amakhala m'mwala woyera uja wa kwatsi, ndipo kwatsi ndi silika. Fumbi limene mumaliona likuyera pa nsidze zanu si limene ndikuliopa kwenikweni. Ndikuopa losaoneka ndi maso, limene limayandama m'dzenje kwa maola ambiri kubowola kutatha. Limeneli likafika m'timatumba tija silitulukanso. Thupi limayesa kulichotsa, limalephera, ndiye limalikuta ndi zipsera. Mapapo abwino amakhala ofewa ngati chinkhupule. Akadzaza zipsera amauma, satambasuka, ndipo okosijeni amavutika kudutsa. Imeneyi ndiye silikosisi. Ilibe mankhwala, kaya ku Kadoma General Hospital, kaya ku Parirenyatwa ku Harare, kaya kunja. Ndipo imapitirira kukula ngakhale munthu atasiya mgodi.

Mayi uko mukuti bambo akunyumba amamwa mkaka akatuluka pansi. Mkaka ndi chakudya chabwino, apitirize kumwa, koma umapita m'mimba, pamene fumbi lapita m'mapapo. Ndi njira ziwiri zosiyana. Kansalu nakonso, ngakhale mukanyowetse, fumbi laling'onoli limadutsa. Chimene chimaligwira ndi masiki ya N95 yokhala bwino pankhope, ndipo ndevu zikakhala zambiri imasiya mipata. Komabe masiki imabwera pambuyo. Choyamba n'kuletsa fumbi kuti lisadzuke, ndipo madzi olowa pamene chitsulo chikudya mwala amachita zimenezo. Limasanduka matope musanalipume.

Nkhaniyi si yachilendo kwa inu. Agogo anu anapita ku Joni pa Wenela, ena anagwira ku Cam and Motor ku Eiffel Flats, ena ku Dalny ku Chakari. Angati anabwerera akutsokomola, akulephera kuyenda kuchoka pakhonde kufika pachitsime? Pa maliro tinkangoti chinali chifuwa. Ku South Africa nkhaniyi inafika kukhoti, ndipo mu 2019 khoti la ku Johannesburg linavomereza kuti makampani a golide apereke ndalama zokwana 5 biliyoni randi kwa anthu amene anadwala silikosisi ndi TB m'migodi yawo. Ndalamazo zikuperekedwa kudzera ku Tshiamiso Trust, ndipo Amalawi amene anagwira kumeneko ali m'gulu la oyenera kulandira. Kuno ku Zimbabwe wogwira m'mgodi wa kampani amayezedwa m'chifuwa motsatira lamulo la Pneumoconiosis Act, ndipo akadwala pali bungwe la NSSA lomulipira. Nanga inu, amene mumadzilemba nokha ntchito, mudzasumira ndani? Palibe amene adzakulipireni. Mkazi wanu ndi amene adzagulitse mbuzi.

Chinanso, agogo anuwo matendawa ankawaonekera patapita zaka 10 kapena 20. Amene amabowola mouma m'dzenje lopanda mphepo amatha kudwala pasanathe zaka 10, ena m'zaka zochepa chabe. Ndikunena anyamata amene ana awo sanayambe n'komwe sukulu. Silikosisi imatsegulira khomo TB: mwayi woti uidwale umakwera pafupifupi katatu, ndipo ngati pali HIV umakweranso kwambiri. Pamwamba pake wina akusuta fodya, wina chamba. Tinabwerapo kuno ndi uthenga wa mamasiki, anthu analandira, mamasikiwo anathera m'matumba. Tinanena za kuyezetsa makhololo, ambiri anadikira mpaka atalavula magazi. Ena anayamba mankhwala a TB, atapeza bwino mwezi wachiwiri anasiya n'kubwerera pansi, chonsecho mankhwalawo ndi a miyezi 6 ndipo ndi aulere. Ena a iwo tinawaika m'manda. Wakutsina khutu ndi mnansi, abale anga, n'chifukwa chake ndikulankhula molimba chonchi.

Achimwene a chipewa chofiira inu, ndakuonani kuti simukugwirizana nazo. Imirirani, nenani kuti onse amve.

Mwamva zimene anena. Akuti madzi ndi amene anapha abale athu mu 2019, lero mukutiuza kuti tilowetse madzi pansi? Achimwene, funso lanu ndi lolemera ndipo sindilinyoza. Tonse tikukumbukira February 2019, pamene mvula yamphamvu inagwa usiku, madzi n'kusefukira m'migodi ya Cricket ndi Silver Moon konkuno ku Battlefields. Anatulutsa mitembo 24, amoyo anapezeka 8 okha, ndipo boma linalengeza kuti ndi tsoka la dziko. Ena muli pano munataya ana anu. Koma madzi aja anachokera kunja, analowera pakamwa pa maenje amene analibe chotchinga. Madzi obowolera ndi a m'chigubu kapena m'diramu, oyenda m'kapaipi kakang'ono. Sangamize munthu.

Mukuti bwanji? Nenaninso mokweza. Akuti madzi alionse olowa pansi amafunika kuwapopa, ndipo pampu yake ndi ya petulo, ndiye madzi akachuluka pampu ilira nthawi yaitali. Dikirani. Pampuyo mumaiika kuti? Pansi, m'dzenje momwemo? Ndi angati mumachita zimenezi?

Apa ndiye tiime kaye, za kubowola tibwererako. Fumbi limapha patapita zaka, koma zimene mwandiuzazi zimapha tsiku lomwelo. Injini ya petulo, kaya ndi pampu kaya jenereta, imatulutsa kaboni monokisaidi. Mpweya umenewu ulibe fungo, ulibe mtundu, sutsamwitsa. Umakakamira pa himogulobini mwamphamvu kuposa okosijeni koposa ka 200, ndiye umalanda malo onse, magazi n'kumayenda opanda kanthu. Munthu amayamba kumva mutu, nseru, miyendo kulemera. Amati ndikhale pansi pang'ono ndipume. Sadzukanso. Ndipo amene akugwira ntchito mwamphamvu ndi amene amayamba kugwa, chifukwa chomwe chija: akukoka mpweya wambiri. Ngakhale kachipangizo kanga ka pachalaka kamanamizika ndi mpweya umenewu, kamatha kuwerenga 98 munthu ali pafupi kufa. Masiki ya N95 nayonso siutchinga, imagwira fumbi lokha.

Achimwene akuti iwo amatsitsa kandulo, ikapitiriza kuyaka ndiye kuti pansi pali bwino. Kanduloyo imakuuzani chinthu chimodzi chokha. Imazima okosijeni akatsika kufika pafupifupi 16 pa 100, ndipo pofika pamenepo munthu amakhala atayamba kale kusokonezeka mutu. Koma kaboni monokisaidi wokwanira kupha gulu lanu lonse akhoza kukhalamo kandulo ikuyaka bwinobwino. Musaidalire.

N'chimodzimodzi utsi wa zophulitsira. Mwati mumadikira kuti uchepe. Mu utsi umenewo muli kaboni monokisaidi, mulinso mpweya wina wofiirira wa nayitirojeni umene umawotcha mapapo mwakachetechete. Munthu amatuluka akungotsokomola pang'ono, amadya nsima, amagona, pakati pa usiku mapapo adzaza madzi, akulephera kupuma. N'chifukwa chake migodi ikuluikulu imaphulitsa pomaliza shifiti anthu onse atatuluka, n'kusiya zokupizira mphepo zigwire ntchito kwa maola angapo gulu lina lisanalowe. Ndikudziwa chimene chimakuthamangitsani, mumaopa kuti ena akuberani mwala wabwino. Siyani munthu wolondera pakamwa pa dzenje. Phulitsani madzulo, tsikani m'mawa.

Azimayi, musaganize kuti izi ndi za kumgodi kokha. Mbaula ya makala imatulutsa mpweya womwewo. Mwezi wa June ndi July kukazizira, musagone nayo m'nyumba yotseka zitseko ndi mawindo, ngakhale makalawo atafiira n'kusiya kufuka. Itulutseni panja musanagone.

Tibwerere kwa inu achimwene, poti mukadali chiimire. Mukuti pampu ikakhala pamwamba siikoka madzi dzenje likatalika. Zoona zimenezo. Pampu yokoka kuchokera pamwamba imalephera ikapitirira mamita 7 kapena 8, ndi mmene inapangidwira. Njira yake ndi pampu yamagetsi yomiza m'madzi. Imeneyo ndi imene imatsika pansi, jenereta n'kutsala pamwamba, patali ndi pakamwa pa dzenje, kumbali imene mphepo ikupita. Kompuresa nayonso ikhale poti siikukoka utsi wa jenereta, apo ayi ikutumizirani utsiwo pansi kudzera m'paipi. Mukuti n'zodula. Inde n'zodula, ndipo ine ndilibe pampu yoti ndikupatseni. Koma amene amakupatsani mafuta ndi zophulitsira n'kudzatenga gawo lake pa golide wanu, muuzeni kuti pampu yomiza ikhale m'gulu la zimene akubweretsa. Mukalankhula magulu onse pamodzi adzamva. Amfumu, ndikupempha kuti mawu amenewa atuluke pakamwa panu, kuti injini ya petulo isatsikenso m'dzenje lililonse m'dera lino.

Mnzanu akagwa pansipo, musathamangire kutsika. Ambiri amafa akupita kukapulumutsa anzawo, woyamba kugwa, wachiwiri kumutsatira, wachitatu chimodzimodzi. Zimitsani injini, lowetsani mphepo ndi paipi ya kompuresa, ndipo wotsikayo amangidwe chingwe m'chiuno, ena akuchigwira pamwamba. Mukamutulutsa mugonekeni chammbali pamalo odutsa mphepo, kenako mupite naye kuchipatala ku Kadoma kapena ku Kwekwe, ngakhale atatsitsimuka n'kumati ali bwino. Musamumwetse mkaka kapena mowa. Mukafika, auzeni anamwino kuti anali m'dzenje mmene munali injini kapena mmene munaphulitsidwa, kuti amupatse okosijeni msanga osadalira kachipangizo ka pachala.

Nthawi yatha ndisanakuonetseni kalumikizidwe ka paipi ya madzi pa jekihama. Achimwene, poti dzenje lanu ndi limene lili ndi pampu pansi, tiyambira kwa inu. Atsogoleri a magulu ena mubwere komweko ndi zigubu zanu, tidzabowole dzenje limodzi mouma, lina ndi madzi, mudzaone nokha kusiyana kwake. Amene mwakhala mukutsokomola, kutuluka thukuta usiku kapena kuwonda, musachoke. Kaonaneni ndi a Mbuya Utano, azaumoyo athu, patebulo apo, ali ndi timabotolo ta makhololo.