Shuga mu thobwa lathu: tilawe tisakudziwa



Mkangano wa shuga mu thobwa lomwe timagulitsa watenga nthawi. Ena akuti tikachepetsa, makasitomala athawa. Ena akuti chimera chabwino cha mawere chimatsekemeretsa phala pachokha, bola chithiridwe phala litazizirako, osati likubwata. Apa akunena zoona, koma kodi kutsekemerako n'kokwanira? Pakamwa pokha sitimvana, ndiye Loweruka tilawe.

Tiphika mphika umodzi Lachisanu, m'mawa mwake tigawe m'zidebe ziwiri: china shuga wa masiku onse, china theka. Aliyense alandira makapu atatu ofanana, awiri a chidebe chimodzi, yachitatu ya chinacho, n'kuloza yosiyanayo. Wothira akhale kuseri. Wogawa nayenso asadziwe, paja nkhope imaulula.

Koma chenjerani, ngakhale wongoganizira amalondola kamodzi pa katatu. Mwa anthu 12, anayi akhoza kulondola mwamwayi chabe. Akafika 8, kusiyana kulipodi, shugayo tisamukhudze. Akapanda kufika, tiyesa thekalo pamsika sabata imodzi, ndalama yotsalayo ilowe m'thumba la kalabu.

Chonde musabwere mutadya maswiti. Ndipo tilawiretu m'mawa, chifukwa likagonera limasasa n'kuyamba kulowera ku mowa.